Kadinidwe ka foni kasakhale munda wa munthu mmodzi

Inu makolo amene mumapita ndi ana kusikelo, ndi inu amene mumadzipereka kuthandiza alangizi a zaumoyo m'midzi ndi m'makwalala a Zomba, mukukadziwa kalamba kaja koyezera mkono wa mwana. Kali ndi mitundu itatu. Muyezo ukathera pobiriwira, mwana ali bwino. Ukathera pachikasu, payenera kusamala. Ukathera pofiira, ndiye kuti mkono sunafike masentimita 11.5, ndipo mwanayo ayenera kuonedwa kuchipatala mosazengereza. Mayi amene anaphunzira kalambaka ku Chikanda akhoza kukakawerenga ku Domasi, ku Mayaka ngakhale pachilumba cha Chisi popanda womuphunzitsanso. Chifukwa chake n'chakuti opanga timalambati amatsata mitundu yomweyo, ndipo palibe amene amawalipiritsa kaamba kogwiritsa ntchito kufiira ngati chizindikiro cha ngozi.

Tsono taganizani kuti kampani ina inalembetsa mitundu itatuyo kuti ndi yake kwa zaka 20. Wina aliyense wofuna kupanga kalamba akadayenera kulipira, apo ayi kusankha mitundu ina. Bungwe ili likadabwera ndi kalamba koika mtundu wa buluu pangozi, bungwe linalo koika wofiirira. Tsiku lina, pansi pa mtengo wa mango, ana 60 ali pamzere, munthu wotopa akadawerenga molakwa, ndipo mwana wofunika chiponde akadabwerera kunyumba chimanjamanja.

Pa kalamba ka mkono izi sizinachitike. Koma pa mafoni ndi makompyuta zakhala zikuchitika kwa zaka zambiri, ndipo mkangano wake sunathe. Popeza ntchito ya zaumoyo m'dziko muno ikuchoka pang'onopang'ono m'kaundula wa pepala kulowa mu foni ndi tabuleti, nkhaniyi yafika pakhomo pathu.

Tiyambe ndi mawu awiri. Loyamba ndi patenti. Ichi ndi chikalata chomwe boma limapereka kwa munthu amene watulukira chinthu chatsopano. Mwini luso amaulula poyera mmene chinthucho chimagwirira ntchito, ndipo boma limamulonjeza kuti kwa nthawi yoikika, yomwe m'maiko ambiri ndi zaka 20, wina asapange kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chake. Nthawiyo ikatha, lusolo limasanduka la aliyense. Cholinga n'chabwino: amene wathera zaka ndi chuma pofufuza adyeko thukuta lake, ndipo dziko lipindule ndi nzeru zake.

Mawu achiwiri ndi nkhope ya pulogalamu. Pulogalamu ya mu foni ili ndi za m'kati zomwe inu simuziona, ndiponso ili ndi mbali imene mumakumana nayo: pamene pali batani, dongosolo la mafunso, chimene chimachitika mukadina kapena mukatsetsereza chala. Mukamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, n'kumasankha 1, kenako 2, kenako kulemba nambala, mukuyenda pankhope ya pulogalamu. Funso lomwe lagawanitsa akatswiri ndi ili: kodi kayendedwe kotereka kangakhale ka munthu mmodzi, monga mmene makina atsopano kapena mankhwala atsopano amakhalira?

Ku America anayankha kuti inde, ndipo zotsatira zake zinaoneka. M'chaka cha 1999 kampani ya Amazon inapatsidwa patenti ya njira yogulira katundu pa intaneti podina kamodzi kokha. Chaka chomwecho inasumira kampani yogulitsa mabuku ya Barnes & Noble chifukwa chochita zofananazo, ndipo khoti linaletsa kampaniyo kupitiriza. Inachita kuwonjezera kudina kwachiwiri kuti ithawe mlandu. Taonani zimenezo: anthu anakakamizidwa kupanga chinthu chovutirapo mwadala, osati chifukwa cholephera kupanga chosavuta, koma chifukwa chosavutacho chinali ndi mwini wake. Patentiyo inatha mphamvu m'chaka cha 2017. Ofesi yoona za mapatenti ku Ulaya inakana kuipereka.

Mlandu waukulu kuposa uwu unali wa Apple ndi Samsung, makampani omwe mafoni awo timawaona tsiku ndi tsiku. Unayamba mu 2011. Zina mwa zomwe ankakanganira zinali kudumpha pang'ono kwa tsamba ukafika kumapeto kwake, kukulitsa chithunzi ndi zala, ndi maonekedwe a tizithunzi tondandalikidwa pasikirini. Mu 2012 bwalo la ku California linagamula kuti Samsung ilipire madola oposa 1 biliyoni. Chiwerengerocho chinasinthasintha pa apilo, nkhani inafika mpaka ku khoti lalikulu la dzikolo mu 2016, ndipo makampaniwa anadzagwirizana kunja kwa khoti mu 2018. Zaka 7 maloya akudya bwino.

M'mkangano womwewo munalinso patenti ya kutsegula foni potsetsereza chala pasikirini. Otsutsa ankanena kuti uku n'kungojambula pagalasi kampiringidzo ka pachitseko komwe anthu akhala akukankha kuyambira kale. Mu 2015 khoti lalikulu la ku Germany linathetsa patentiyo m'dzikolo, poona kuti foni ina ya kampani ya ku Sweden yotchedwa Neonode inali kale ndi njira yonga yomweyo. Ku America nako, chigamulo cha khoti lalikulu cha 2014 pa mlandu wa Alice ndi CLS Bank chinanena kuti kungotenga ganizo wamba n'kuliika mu kompyuta sikokwanira kupatsa munthu patenti. Ngakhale kumene mchitidwewu unakula, oweruza anaona kuti unapyola muyezo.

Mwina mukufunsa kuti za mabiliyoni a ku California zikukhudzana bwanji ndi sikelo ya ku Chinamwali. Yankho lili m'mbiri yathu yomwe.

M'chaka cha 2001, ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chomwe lero timachitcha Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake anayamba kuika timakompyuta todina ndi chala, ntchito yomwe inadzabala bungwe la Baobab Health Trust. Nthawi imeneyo foni ya iPhone kunalibe. Inadzatuluka mu 2007. Iwo anaona kuti ogwira ntchito m'chipatala ambiri sanagwirepo kompyuta, ndipo alibe nthawi yophunzira kutayipa odwala ali pamzere. Choncho anakonza nkhope yosavuta: mabatani akuluakulu, mafunso obwera limodzilimodzi, ndi makina osindikiza kapepala ka timizeremizere komata m'buku la kuchipatala. Mu 2006 njirayi inalowa ku kiliniki ya ma ARV pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kenako inafalikira m'zipatala zambiri za boma. Ambiri a inu muli nako kapepalako m'buku lanu.

Pulogalamu imeneyo inapangidwa kukhala yotseguka, kutanthauza kuti malangizo ake a m'kati aliyense akhoza kuwaona, kuwakonza ndi kuwagwiritsa ntchito. Achinyamata a ku Malawi anaphunzira luso pa iyo. Namwino wosamutsidwa kuchoka chipatala china kupita china ankapeza mabatani pamalo amene anawazolowera. Akadakhala kuti wina anatchinga ganizo la funso limodzi pasikirini imodzi, aliyense wobwera pambuyo akadayenera kulipira kapena kupanga chinthu chosokoneza dala.

Chitsanzo chachiwiri chili pafupi, ku Chirunga komweku. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala kudzera mu pulogalamu yotchedwa DHIS2. Mizu yake ili ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, imasamalidwa ndi University of Oslo ya ku Norway, ndipo maiko oposa 70 amaigwiritsa ntchito osalipira chilolezo. Pamwamba pa pulogalamu imeneyi ndi pamene panamangidwa iCHIS, yomwe alangizi a zaumoyo amalemberamo za mabanja, amayi oyembekezera ndi ana a m'midzi yawo pa tabuleti. Akatswiri a zamakompyuta a ku Yunivesite ya Malawi, pa sukulu yomwe tinaizolowera kuti Chancellor College, ndi ena mwa amene anagwira ntchito yoimanga. Anatha kutero chifukwa maziko ake anali otseguka. Sanapite kukagwada kwa mwini patenti kuti awalole kuika batani apa kapena apo.

Ndiye maganizo athu ndi awa. Kadinidwe, katsetserezedwe ka chala, dongosolo la mafunso ndi mitundu yochenjeza pa zipangizo za zaumoyo zili ngati chiyankhulo. Phindu lake lili pa kufanana. Chiyankhulo chikakhala cha munthu mmodzi sichithandiza aliyense. M'chipatala, kusiyana kosafunikira si nkhani ya kukongola. Ndi khomo la ngozi. Mlangizi amene wazolowera kuti batani losunga lili kumanja, akapatsidwa chipangizo chomwe kumanjako kuli batani lofufuta, tsiku lina adzataya mbiri ya katemera wa mudzi wonse. Namwino amene pulogalamu ina imamufunsa kulemera kwa mwana poyamba, pomwe ina imayamba ndi kutalika, akhoza kulemba nambala pamalo olakwika, ndipo mlingo wa mankhwala a malungo umatengera kulemera kwa mwana.

Tisanamizane, a mbali inayo ali ndi mfundo zomveka, ndipo tiyenera kuzimva. Amati kupanga chinthu chosavuta n'kovuta. Nkhope yabwino ya pulogalamu imatuluka munthu atakhala miyezi akuonerera mmene anthu amalakwitsira, akukonza n'kuyesanso. Koma ikangotuluka, wina akhoza kuikopera m'sabata imodzi. Taganizani mtsikana amene wamaliza maphunziro ku Chirunga, wakonza pulogalamu yokumbutsa amayi masiku a katemera m'Chichewa ndi m'Chiyao, yosavuta mwakuti ngakhale agogo akuitha. Kampani yaikulu yaiona, yatengera maonekedwe ake onse, ndipo ndi ndalama zake yafika paliponse iye asanafike ku Liwonde. Kodi mtsikanayo asatetezedwe? Ndani adzavutikenso kuganiza ngati olimawo ndi ena, okolola ndi ena?

Dandaulo limeneli ndi loona. Koma patenti si mankhwala ake, pa zifukwa zitatu.

Choyamba, patenti ndi chida cha amene ali ndi thumba lalikulu. Kuilembetsa kumafuna akatswiri a malamulo ndi ndalama zakunja, kuisunga kumafuna malipiro a chaka ndi chaka, ndipo kuiteteza kumafuna mlandu. Mapatenti ochuluka amene amalembetsedwa m'chigawo chathu chino ndi a makampani akunja. Tikatsegula chitseko kuti kadinidwe kazilembetsedwa, oyamba kulowa sadzakhala ana athu. Adzakhala makampani omwe ali kale ndi mapatenti zikwizikwi m'kabati, ndipo mtsikana uja ndiye adzalandire kalata yomuuza kuti batani lake ndi la eni ake. Walira mvula walira matope.

Chachiwiri, chitetezo china chilipo kale. Lamulo la dziko lino la 2016 loteteza ntchito za alembi ndi aluso limakhudzanso mapulogalamu a kompyuta. Amene wakopera malangizo omwe munalemba, zithunzi zomwe munajambula kapena mawu omwe munajambulitsa, wakuberani, ndipo mukhoza kumutengera ku khoti. Dzina ndi chizindikiro cha pulogalamu yanu mukhoza kuzilembetsa ngati chizindikiro cha malonda. Kusiyana kwake n'kwakuti malamulo amenewa amaletsa kukopera ntchito yanu, pomwe patenti imaletsa ngakhale munthu amene waganiza yekha zofanana ndi zanu asanamvepo dzina lanu. Pa zinthu ngati batani, anthu ambiri amafika pa ganizo limodzi paokhapaokha, chifukwa chala cha munthu n'chimodzimodzi kulikonse.

Chachitatu, zaka 20 ndi nthawi yaitali kwambiri pa zamafoni. Mankhwala atsopano amatenga zaka zambiri akuyesedwa asanafike kwa odwala, ndiye pamenepo nthawi yaitali ili ndi chifukwa. Koma mwana wobadwa tsiku lomwe patenti ya batani yaperekedwa adzakhala atalemba mayeso a Fomu 4 isanathe.

Ngakhale pa mankhwala pomwe, ife a Malawi tikudziwa mtengo wa chitseko chotseka. Cha m'ma 2000, ma ARV a munthu mmodzi pa chaka ankagulidwa madola oposa 10,000, ndipo maliro anali tsiku ndi tsiku. Mu February 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ikhoza kupereka mankhwala ofananawo pa madola 350. Mu April chaka chomwecho makampani 39 a mankhwala anasiya mlandu womwe ankalimbana nawo ndi boma la South Africa. Chaka chomwechonso bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV kwa anansi athu a ku Chiradzulu, ndipo mu 2004 boma linayamba kuwapereka ulere m'dziko muno. Ambiri amene akuwerenga tsamba lino analeredwa ndi makolo amene anapulumuka chifukwa cha kutseguka kwa chitsekocho. Sitikunena kuti batani ndi lofanana ndi mankhwala. Tikunena kuti lamulo la umwini likalembedwa osaganizira wodwala, amene amalipira ndi wodwalayo.

Pali chitsanzo china chomwe mumachigwira nthawi zonse mukakhala kutsogolo mu minibasi ya ku Limbe. Lamba wa pampando wodutsa paphewa ndi m'chiuno anakonzedwa ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo mu 1959. Kampaniyo inali ndi patenti yake, koma inalola opanga galimoto ena onse kuti amugwiritse ntchito. N'chifukwa chake lero simufunika kuphunzira kumanga lamba mwatsopano mukasintha galimoto.

Nanga khomo lolowera mapatenti m'dziko muno lili pati? Lamulo loyamba la patenti lomwe Malawi inatengera linalembedwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Chitaganya, anthu asanalote za foni ya m'manja. Kupatula ofesi ya boma yolembetsa, pali bungwe la ARIPO lomwe likulu lake lili ku Harare. Linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka la 1976, ndipo Malawi ndi membala. Pansi pa mgwirizano wa ku Harare wa 1982, kampani ikhoza kupempha patenti kamodzi n'kutchula maiko angapo omwe ikufuna kuti igwire ntchito. Dziko lotchulidwalo limapatsidwa miyezi 6 kuti likane. Likakhala chete, patentiyo imagwira. Choncho kungokhala osayankha ndi kuvomera.

Ufulu wokana tili nawo. Pangano la ku Ulaya la 1973 silitenga pulogalamu ya kompyuta payokha ngati chinthu choyenera patenti. Lamulo la South Africa la 1978 limanena chimodzimodzi, ndipo New Zealand inatsata njira yomweyo mu 2013. Kuwonjezera apo, bungwe loona za malonda padziko lonse la WTO linapatsa maiko osauka, kuphatikizapo Malawi, mpata mpaka pa 1 July 2034 asanakakamizidwe kutsata mbali zambiri za malamulo ake a umwini wa luso. Mpata umenewu ndi wakuti tiugwiritse ntchito, osati kuusunga m'kabati.

Tikupempha zinthu zinayi. Aphungu athu, pokonza malamulo a patenti, alembe momveka kuti kadinidwe ndi dongosolo la pasikirini pazokha sizipatsidwa patenti, ndipo ofesi yolembetsa ipatsidwe anthu okwanira owerenga zochokera ku Harare miyezi 6 isanathe. Amene watulukiradi chipangizo chatsopano, monga makina oyezera magazi kapena othandiza khanda kupuma, apitirize kutetezedwa.

Unduna wa Zaumoyo ndi makhonsolo, polandira pulogalamu iliyonse kuchokera ku bungwe kapena kampani, afunse pangano lisanasainidwe: ntchitoyi ikatha, kodi malangizo a m'kati ndi maonekedwe ake zidzatsala m'manja mwa boma? Kodi a Malawi ena adzaloledwa kuikonza? Mpanda sumangidwa ndi patenti yokha. Pangano lobisa nalonso limatseka. Dziko la Uganda linafika poimitsa ntchito zoyeserera za zaumoyo za pa foni mu 2012 chifukwa zinachuluka ndipo sizinkalumikizana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Boma ndi mabungwe alipire bwino achinyamata opanga mapulogalamu otseguka. Kutseguka sikutanthauza kugwira ntchito yaulere. Mtsikana wa ku Chirunga uja adye kuchokera pa ntchito yomanga, yokonza ndi yophunzitsa, ndipo dzina lake lilembedwe pa chimene wapanga. Ngati tikumuuza kuti asatchinge njira, tiyenera kumulipira chifukwa choilambula.

Chomaliza chikukhudza inu. Inu odzipereka ndi alangizi ndinu amene zala zanu zimadziwa pamene pulogalamu imapunthwitsa. Mukaitanidwa ku maphunziro a chipangizo chatsopano, musangolandira n'kuthokoza. Funsani chifukwa chake chikusiyana ndi chimene munachizolowera. Mukaona batani lomwe limakusokonezani, lembani ndipo mukanene kwa oyang'anira zaumoyo ndi kukomiti ya zaumoyo ya m'mudzi, pakuti pulogalamu yotseguka imakonzeka anthu akayankhula. Safunsa anadya phula. Ndipo inu makolo, musataye buku la kuchipatala la mwana poganiza kuti zonse zili mu tabuleti. Onetsetsani kuti kulemera kwake, katemera ndi tsiku lobwereranso zalembedwa m'bukumo musanachoke pasikelo. Bukulo limawerengeka pa chipatala chilichonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, magetsi alipo kapena palibe.

Sabata yamawa mukakulunga kalamba pamkono wa mwana, n'kuona pamene muyezo wathera, mudzadziwa chochita musanaganize n'komwe. Tikufuna kuti tabuleti ya mlangizi ifike pamenepo: kuti aliyense woigwira, kulikonse m'dziko muno, adziwe podina.